Chingwe choingitsira mbalame pa nyanja yamchere

Aliyense amene analimapo tirigu ku Tsangano, kapena mapira ndi mawere ku Macanga, amaidziwa nkhondo ya mbalame. Mbewu zikayamba kucha, mpheta zimabwera ngati mtambo. Mlimi amazika timitengo n'kumanga chingwe kudutsa m'munda. Pachingwepo amapachika mapepala apulasitiki, nsanza ndi zitini. Mphepo ikawomba, zonsezi zimagwedera, ndipo mbalame zimaopa kutera.

Nzeru yomweyi ikugwira ntchito kutali kwambiri ndi kwathu kuno, pa nyanja zikuluzikulu zamchere. Sitima zopha nsomba zimakoka kumbuyo kwake chingwe chokhala ndi zolendewera. Koma cholinga chake n'chosiyana ndi chathu. Kumunda timaingitsa mbalame kuti mbewu zipulumuke. Kunyanja amaziingitsa kuti zipulumuke mbalamezo, chifukwa zikayandikira zida zophera nsomba zimafa.

Anayamba kugwiritsa ntchito chingwechi ndi asodzi a ku Japan. Iwo sankaganiza za chifundo ayi. Ankadandaula kuti mbalame zikuwabera nyambo pa mbedza. M'chinenero chawo mbalame amati "tori", ndipo mpaka lero asodzi a m'mayiko ambiri amati chingwe cha tori.

Mbalame yake ndi iti?

Mbalame zimene zimafa motere zilipo zamitundumitundu, koma yodziwika kwambiri ndi albatrosi. Kuno kumapiri simungaione. Ngakhale ku Cahora Bassa kapena ku nyanja ya Niassa kulibe. Imakhala pakati pa nyanja yamchere, makamaka kumwera kwa dziko lapansi, kumene kumawomba mphepo yamphamvu ndi yozizira.

Albatrosi zilipo mitundu 22. Mtundu waukulu kwambiri ukatambasula mapiko, kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzake amatha kukwana mamita 3 ndi theka. Taganizani: nkhwazi, imene ife timaiona ngati yaikulu, mapiko ake ndi mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Albatrosi imauluka maola ambiri osakupiza mapiko, kumangoyandama pamphepo basi. Imamwa madzi amchere. Mwana wake akachoka pachisa amatha zaka zingapo ali panyanja, osaponda pamtunda.

Pamtunda imapitapo kukaswa kokha, ndipo imaswera pa zilumba zakutali. Chimodzi mwa zilumbazi ndi Marion, cha dziko la South Africa, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku Cape Town.

Apa ndiye pagona nkhani. Nkhuku yakumudzi imaikira mazira 10 kapena kuposa, ndipo imaswa kangapo pachaka. Chiwombankhanga chikatenga anapiye atatu, khola silitha. Albatrosi sili choncho. Imaikira dzira limodzi lokha. Mitundu ikuluikulu imaikira dziralo kamodzi pa zaka ziwiri, chifukwa kulera mwana mmodzi kumatenga pafupifupi chaka chathunthu. Ndiponso siyamba msanga kuswa: ina imadikira mpaka itakwana zaka 10.

Yaimuna ndi yaikazi zikagwirizana, nthawi zambiri zimakhala limodzi moyo wonse. Zimasinthana pofungatira dzira. Zimasinthananso pokasaka chakudya cha mwana. Ndiye imodzi ikafera pa mbedza, sikuti yafa imodzi yokha. Yotsalayo singathe kulera mwana payokha, choncho mwanayo amafa ndi njala pachisa. Kenaka yamasiyeyo imatha zaka isanapeze inzake ina.

Mbalameyi inalengedwa kuti iziswa pang'onopang'ono koma izikhala zaka zambiri. Pa chilumba cha Midway, m'nyanja ya Pacific, pali albatrosi imene anaipatsa dzina loti Wisdom. Akatswiri anaiveka kachitsulo kumwendo mu 1956, ili kale yaikulu. Kumapeto kwa 2024 inaikiranso dzira, ili ndi zaka zosachepera 74. Agogo ambiri kumudzi kwathu ndi ana kwa mbalame imeneyi! Koma ngati zikuluzikulu zikufa msanga, mazira ochepawo sangabweze chiwerengero. N'chifukwa chake mitundu 15 mwa mitundu 22 ija ili pa mndandanda wa zamoyo zimene zingathe kutheratu.

Zimafa bwanji?

Njira zake ndi ziwiri, malinga ndi mtundu wa sitima.

Yoyamba ndi ya mbedza. Sitima zopha nsomba zazikulu ngati tuna, imene pa Chipwitikizi amati atum, zimaponya m'madzi chingwe chachitali zedi. China chimapitirira makilomita 100, kuposa mtunda wa pakati pa Dedza ndi Lilongwe. Pachingwe chimodzi pamakhala mbedza 2,000 kapena 3,000, iliyonse ndi nyambo yake. Sitima imayenda, anthu akuponya mbedza imodziimodzi kumbuyo, kwa maola angapo.

Mbedza ikagwera m'madzi simira nthawi yomweyo. Imayamba yayandama pafupi ndi pamwamba, makamaka chifukwa madzi a kumbuyo kwa sitima amakhala akuwinduka. Pa kanthawi kameneko mbalame imaona nyambo, imatera, n'kumeza. Mbedza imakola kukhosi kapena kumlomo. Chingwe chikamamira chimaikokera pansi, ndipo imafa ndi madzi. Asodzi amadzaiona patapita maola, pokweza chingwe.

Albatrosi simira mwakuya, koma pali mbalame zina zocheperako, zotchedwa petulo, zimene zimamira mamita oposa 10. Petulo imatha kukatenga nyambo pansi n'kubwera nayo pamwamba. Albatrosi, poti ndi yaikulu, imalanda nyamboyo pamodzi ndi mbedza yake.

Mu 1991 katswiri wa ku Australia, Nigel Brothers, atakwera nawo sitima za ku Japan, anawerengera kuti sitimazo zinkapha albatrosi pafupifupi 44,000 chaka chilichonse m'nyanja zakumwera. Anthu ambiri anadzidzimuka. Kafukufuku wina wa mu 2011 anapeza kuti pa dziko lonse mbedza zotere zinkapha mbalame zosachepera 160,000 pachaka, mwinanso mpaka 320,000.

Njira yachiwiri inatenga nthawi kuti idziwike. Pali sitima zina zimene sizigwiritsa ntchito mbedza. Zimakoka khoka lalikulu pansi pa nyanja. Khokalo limamangidwa ku sitima ndi mawaya awiri achitsulo, onenepa ngati chala chachikulu kapena kuposa. M'sitimamo anthu amakhala akutumbula nsomba, ndipo mitu ndi matumbo amazitaya m'madzi. Albatrosi imamva fungo la chakudya ili pa mtunda wa makilomita ambiri, choncho zimasonkhana mazanamazana kumbuyo kwa sitima, n'kumalimbirana matumbowo mapiko ali tambalale.

Tsono sitima ikamakwera ndi kutsika pa mafunde, mawaya aja nawo amakwera ndi kutsika mwamphamvu. Waya amamenya phiko. Phikolo limathyoka, kapena limakulunga pa waya, ndipo madzi amaikankhira mbalameyo pansi. Mtembo wake nthawi zambiri umapita ndi madzi. Asodzi akamati "ife sitipha mbalame", ambiri sankanama dala. Sankaziona. Zinadziwika pamene anthu ena anayamba kukhala kumbuyo kwa sitima tsiku lonse, maso ali pa mawaya, enanso n'kuikapo makamera.

Chingwecho amachikonza motani?

Zipangizo zake si zodabwitsa. Pamafunika chingwe cholimba, timapaipi tofewa ta pulasitiki kapena tizingwe tamitundu yowala, ndi chinthu chokoka kumapeto.

Nsonga imodzi ya chingwe amaimanga pamwamba, kumbuyo kwa sitima. Pa sitima zazikulu za mbedza amaimanga pa mlongoti, mamita pafupifupi 8 kuchokera pamadzi. Nsonga inayo imakhala m'madzi, ndipo amamangirirako chinthu choti chizikokeka, kuti chingwe chikungike. Chikakungika, mbali yaikulu imakhala m'mwamba, pamwamba penipeni pa malo amene mbedza zikumira. Malangizo amati pa sitima zazikuluzi mbali ya m'mwambayo izikwana mamita 100, kutalika kwa bwalo la mpira.

Pachingwepo amapachika zolendewera, motalikirana osapitirira mamita 5. Za kufupi ndi sitima zimakhala zazitali, za kutsogolo zazifupi, kuti zonse zizifika pamadzi. Mphepo ikamazigwedeza zimakhala ngati mpanda woyenda. Mbalame yamapiko aatali imafuna malo otakasuka kuti itere ndi kunyamuka, ndiye imaopa kulowa pakati pa zinthu zogwedera. Imadikira kumapeto kwa chingwe. Pomafika kumeneko mbedza imakhala itamira kale.

Pa sitima za khoka chingwecho chimakhala chachifupi, ndipo amaika ziwiri, china kunja kwa waya uyu, china kunja kwa waya uyo. Mbalame zimadyabe matumbo aja, koma zimadyera patali ndi mawaya.

Mlimi amadziwa kuti mpheta zimazolowera choopsezera chimene chimangoima malo amodzi. Pakatha sabata mumazipeza zitatera pamutu pake. Chingwe cha panyanja chimasiyana pang'ono: sichiima. Sitima ikuyenda, mafunde akuchikweza ndi kuchitsitsa, ndipo zolendewera zimamenyadi mbalame imene yayandikira.

Zimene zinachitika ku South Africa

Ku Cape Town, kumene abale athu ambiri ochokera ku Tete ndi ku Malawi amapita kukasaka maganyu, kuli sitima zambiri za khoka zopha nsomba yoyera yotchedwa hake. Pa Chipwitikizi amati pescada. Nsombayi imagulitsidwa kwambiri ku Ulaya.

Mu 2004 eni sitimazi analandira chiphaso cha bungwe la Marine Stewardship Council, chosonyeza kuti amapha nsomba mosamala. Chiphasocho chimatsegula misika ya ku Ulaya, koma chinabwera ndi lamulo loti afufuze ngati sitima zawo zikupha mbalame. Atafufuza, zinapezeka kuti zikuphadi. M'zaka za 2004 ndi 2005 zinkafa mbalame pafupifupi 9,300 pachaka, ndipo mwa zimenezi 7,200 zinali albatrosi.

Mu 2006 boma la South Africa linalamula kuti sitima zimenezi ziziika zingwe zoingitsira mbalame. Chaka chomwecho gulu lotchedwa Albatross Task Force linayamba ntchito m'dzikomo. Gululi linakhazikitsidwa ndi mabungwe awiri osamala mbalame, BirdLife International ndi RSPB ya ku Britain. Anthu ake sankangokhala mu ofesi kulemba makalata. Ankakwera sitima, kugona momwemo masiku ambiri, kudya pamodzi ndi asodzi, kuwerenga mbalame zakufa, ndi kukonza chingwe mpaka chigwirizane ndi sitima iliyonse.

Mu 2014 Bronwyn Maree ndi anzake a ku BirdLife South Africa anasindikiza zotsatira. Pofika mu 2010 mbalame zofa pachaka zinatsika kufika pafupifupi 1,000, ndipo albatrosi zinali zosakwana 100. Ndiye kuti pa albatrosi 100 zilizonse zimene zinkafa kale, 99 zinasiya kufa. Tinene zoona: m'zaka zimenezo sitima zinachepetsanso maulendo okoka khoka, ndipo izi zinathandiza. Koma mbali yaikulu inali ya chingwe. Mtengo wake? Sunkafika madola 200 a ku America pa sitima imodzi, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mafuta amene sitima imawotcha pa tsiku.

Pali chinanso chokoma kumva. Zingwe zambiri za sitima za ku South Africa zinkalukidwa ndi anthu olumala a bungwe la Ocean View Association for Persons with Disabilities, m'dera la Ocean View, kumwera kwa Cape Town. Amayeza chingwe, amadula timapaipi, amamanga mfundo, n'kugulitsa kwa eni sitima. Anthu amene mwina sanakwerepo sitima anapeza ntchito kuchokera ku nyanja.

Ku Namibia

Karapau wambiri amene timagula wouma ndi chisanu m'misika ya ku Tete amachokera ku Namibia, kudzera pa doko la Walvis Bay. Pa doko lomwelo palinso sitima zopha hake, za khoka ndi za mbedza. Nyanja ya kumeneko inali imodzi mwa malo oopsa kwambiri kwa mbalame pa dziko lonse.

Gulu lija la Albatross Task Force linayamba ntchito kumeneko mu 2008. Kwa zaka zingapo ankangopempha eni sitima kuti aziika chingwe mwa kufuna kwawo. Ena anavomera, ambiri ayi. Zinthu zinasintha mu 2015, pamene boma linakhazikitsa lamulo lokhala ndi chindapusa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anasonyeza kuti pa sitima za mbedza, mbalame zofa zinatsika kuchoka pa 22,000 mu 2009 kufika pa 215 mu 2018. Pa sitima za khoka zinatsikanso, koma osati kwambiri choncho, chifukwa ena ankachedwa kuponya chingwe ngakhale matumbo ayamba kale kutayidwa. Nakonso zingwe zimalukidwa pamanja, ndi gulu la amayi a ku Walvis Bay lotchedwa Meme Itumbapo.

Chingwe chokha sichikwana

Asodzi ali ndi madandaulo awo, ndipo si abodza onse. Mphepo ikawomba cham'mbali, chingwe chimapatuka n'kusiya mbedza poyera. Nthawi zina chimakolana ndi chingwe cha mbedza, ndipo munthu amayenera kuchimasula ali m'mphepete mwa sitima, mafunde akumenya. Chikakolana kawiri katatu, wotopa amangochipinda n'kuchiika pakona. N'chifukwa chake kakonzedwe kake kayenera kuyesedwa pa sitima yeniyeniyo, osati kungotengera pa pepala.

Pa sitima za mbedza pali njira zina ziwiri zimene zimayenda limodzi ndi chingwe. Ina ndi kuponya mbedza usiku, poti albatrosi zambiri zimadya masana. Koma mwezi ukawala zimaona, ndipo petulo zina zimadya ngakhale mumdima. Ina ndi kumangirira kachitsulo kolemera pafupi ndi mbedza kuti imire msanga, mwachitsanzo ka magalamu 60 pa mtunda wosapitirira mita imodzi kuchokera pa mbedzayo. Nako kali ndi vuto lake: shaki ikadula chingwe chokungika, kachitsuloko kamatha kubwerera ngati mwala wa legeni n'kuvulaza msodzi. Masiku ano kuli tizitsulo tina totsetsereka pachingwe, topangidwa kuti tichepetse ngozi imeneyi. Akatswiri amati njira zitatuzi zimagwira bwino zikaphatikizidwa, chifukwa pamene ina yalephera inzake imatseka.

Pa sitima za khoka, chothandiza kwambiri ndi kusataya matumbo pa nthawi imene mawaya ali m'madzi. Popanda chakudya, mbalame sizibwera.

Ndipo si mbedza zokha zimene zikuvutitsa albatrosi. Pa chilumba cha Marion chija, mbewa zimene zinafika ndi sitima zaka za m'ma 1800 zinachulukana, ndipo zinayamba kudya ana a albatrosi ali amoyo pachisa. Kwathu kuno mbewa ndi ndiwo. Kumeneko mbewa ndi imene ikudya mbalame. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo chingwe sichingaithetse.

Nanga Mozambique?

Dziko lathu lili ndi gombe lalitali makilomita oposa 2,400, ndipo m'nyanja yathu mumaphedwa tuna ndi sitima za mbedza, zambiri zochokera kunja. Albatrosi sizikonda madzi ofunda a kumpoto, koma kumwera zimafikako, makamaka m'miyezi yozizira.

Mu 2012 Mozambique inalowa m'bungwe la mayiko loyang'anira usodzi wa tuna m'nyanja ya Indian, lotchedwa IOTC. Kuyambira mu 2014 bungweli lili ndi lamulo lokhudza madzi onse a kumwera kwa mzere wa madigiri 25. Pa mapu mzere umenewu umadutsa cha ku Xai-Xai, choncho nyanja ya kufupi ndi Maputo ili mkati. Lamulo limene linayamba mu 2014 linati sitima ya mbedza ikamapha nsomba kumeneko izigwiritsa ntchito njira ziwiri mwa zitatu zija: chingwe, usiku, kapena kachitsulo kolemera.

Palinso pangano lina la mayiko loteteza albatrosi ndi petulo, lotchedwa ACAP. Linasainidwa pa 19 June 2001 ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2004. Muli mayiko 13, ndipo la mu Africa ndi South Africa lokha. Kuyambira mu 2020, tsiku la 19 June limakumbukiridwa ngati tsiku la albatrosi.

Vuto lalikulu lili pakati pa nyanja, kutali ndi dziko lililonse. Kumunda mwini wake akachoka pa nsanja, oyandikana naye amaona. Sitima ya tuna imatha miyezi isanabwere pa doko, ndipo zambiri zilibe munthu wa boma woyang'anira. Kapitawo amalemba yekha m'buku kuti anaika chingwe, ndipo palibe womutsutsa. Ku South Africa ndi ku Namibia zinatheka chifukwa sitima zimabwerera pa doko pafupipafupi, oyang'anira amakwera nawo, ndipo wophwanya lamulo amadziwika.

Tsopano pali maso ena. Sitima zazikulu zimatumiza uthenga wa pamene zili kudzera pa makina a m'mlengalenga, ndipo poona mmene sitima ikuyendera, kompyuta imatha kudziwa nthawi imene ikuponya mbedza. Mu 2023 ofufuza a bungwe la Global Fishing Watch, pamodzi ndi anzawo osamala mbalame, anagwiritsa ntchito njira imeneyi. Anapeza kuti pa maulendo 100 alionse oponya mbedza pa dziko lonse, atatu okha ndi amene ankachitika usiku kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ambiri ankachitika m'bandakucha, nthawi imene albatrosi zimakhala zadzuka ndi njala. Makina amenewa amaona nthawi, koma chingwe sachiona. Pofuna kudziwa ngati chingwe chilidi m'madzi, mayiko ena monga Australia ndi New Zealand anayamba kuika makamera kumbuyo kwa sitima zawo.